Wandithyolera Mwamuna ndi Pakamwa Pako

Kabwazi,
Dedza.

Wokondedwa mlongo wanga Macdonald,

Ndiyambe ndi moni, chifukwa amayi anatilera kuti munthu ngakhale wapsa mtima chotani, ayambe wafunsa za moyo. Uli bwanji ku Blantyre kumeneko? Nanga mlamu wanga Wezzie ndi kamwana kanu Zondiwe? Kayamba kuyenda, kapena kakukwawabe?

Kuno tilipo. Amayi ali bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chawalowa m'maondo, moti amadikira dzuwa likwere kuti atuluke panja. Faith ndi Tony akupita kusukulu. Ine ndiliko, thupi lokha.

Amene sali bwino ndi alamu ako, bambo a Faith. Pamene ndikulemba pano ali chigonere pamphasa pakhonde, mwendo wakumanja uli m'chikhakha kuchokera kuphazi mpaka m'ntchafu. Ndipo ndikuuziretu: pa anthu amene anathyola mwendo umenewu, iwe uli pomwepo.

Usathamangire kuimba foni. Ndalemba dala. Iwe ntchito yako ndi pakamwa, ukayamba kuyankhula supuma, ine ndimangothera kuti "eya, eya" mpaka mayunitsi atha. Apa uwerenga mpaka kumapeto, ine ndikuyankhula, iwe uli chete. Kalatayi ndapatsira a Yohana amene amabweretsa kachewere kumsika kwanuko.

Ukudziwa kale kuti chaka chatha titakolola, alamu ako ndi anzawo anapanga filimu ija anaitcha Chitsulo cha ku Chongoni. Iwe unaionera itatha, utakhala pampando wa wofuwofu. Ine ndinaionera ikupangidwa, ndiye leka ndikuuze zimene sunaone.

Eni ake enieni anali atatu. Alamu ako ndiwo anali mwini filimu, mwamuna wobwera kuchokera kutali kudzalanditsa ng'ombe za bambo ake. A Juma a golosale ya pamsewu ndiwo anali mkulu wa akuba. A Trust ometa aja ndiwo ankajambula ndi foni yawo. Ena onse anali a kabaza anzawo, amene ankabwera kudzamenyedwa akasowa onyamula. Magazi anali matimati a m'dimba mwanga. Mfuti anachita kusema pa mtengo wa bulugamu n'kuzipaka polishi wa nsapato.

Ine sindinaletse. Ndinati bola zimenezi kusiyana ndi kukakhala ku mowa. Munthu m'mawa wapita kumunda, masana wanyamula anthu panjinga yamoto, akafuna kugubuduka m'fumbi ndi anzake Loweruka, ine chikundikhudza n'chiyani kupatula kuchapa?

Ndipo anthu anaikonda, Macdonald. Anaionetsa m'mavidiyo a pano pa Kabwazi, ku Linthipe, mpaka pa boma. Ana ankawathamangira alamu ako pamsewu akukuwa kuti "Chitsulo! Chitsulo!" Azimayi achikulire ankakana kukwera njinga ya wina, ati tikufuna atinyamule a Chitsulo. Munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu, ankafika pakhomo akumwetulira yekha.

Kenako anakutumizira iwe. Ndinawachenjeza. Ndinati Macdonald ndimamudziwa ine, ali mwana ankanena kuti mchere wachepa asanalawe n'komwe ndiwo. Iwo anati ayi, mlamu wanga ndi katswiri, amaweruza mafilimu pa wailesi dziko lonse likumva, akangoitchula basi tatchuka.

Lamulungu limene unati uikambapo, anameta bwinobwino n'kuvala jekete lawo la ukwati. Anaitana anthu pakhonde la golosale ya a Juma, wailesi anaikhazika pakati, pa kireti ya zakumwa. Panadzaza mpaka ena anaima mumsewu. Ngakhale amayi anachita kuwanyamula panjinga kuti akamve mwana wawo akutama mkamwini.

Kodi ukukumbukira zimene unanena? Ine ndikukumbukira, chifukwa ana akuzibwerezabe mpaka lero.

Unati, "Ndewu za mufilimuyi zili ngati anthu akuthamangitsa njuchi. Chibakera chikuthera kutali ndi nkhope, koma womenyedwayo wagwa kale, ndipo asanagwe akuyamba wayang'ana pansi ngati pali minga." Unati wojambula akunjenjemera ngati wakwera ngolo, moti munthu sudziwa amene akumenya ndi amene akumenyedwa. Unati mwini filimu akugwetsa gulu lonse la anthu chipewa osagwa kumutu. Pomaliza unati, "Zonse n'zabodza, ndipo zikuchita kuonekeratu kuti n'zabodza."

Pakhonde paja anthu anayamba ndi kusekera m'manja, kenako anangomasuka. A Juma anaseka mpaka kugwira chitseko. Amayi okha ndiwo sanatolepo kanthu. Ankangogwedeza mutu n'kumati, "Mawu ake ngati a malemu bambo ake." Alamu ako maso anali pa wailesi, akumanga ndi kumasula batani la jekete.

Sindikunamizira, ndinamva kuti unapitiriza. Mayi uja mumakangana naye pa pulogalamuyo atanena kuti mafilimu a ndewu ndi phokoso chabe, Amalawi tizipanga a nkhani za m'banja, iwe unakana. Unati ndewu ya mufilimu ili ngati gule wa ngoma wa kwathu kuno: amuna anyamula zishango ndi zibonga, nthaka ikugwedezeka, mtima wa woonera ukugunda, koma palibe amene amapita kwawo ndi bala. Unati luso lake lagona pa malo amene wojambula waima, ndiponso kuti woonera adziwe chimene anthuwo akulimbirana. Mawu abwino ndithu. Koma unawanena anthu ataseka kale. M'makutu mwa alamu ako munatsala liwu limodzi lokha: zabodza.

Tsopano ndifike pa zanga.

Unati mufilimu yonse muli malo amodzi okha amene unakhala tsonga pampando. Mayi wina akutulukira kuseri kwa nthochi, mpini wa khasu uli m'manja, n'kuyamba kukwapula akuba ndi mwini filimu yemwe, onse n'kubalalika. Unati, "Nkhope yake sitikuiona, koma msana wake wokha ukutiuza kuti wakwiya zenizeni. Amene akumudziwa mayi ameneyu atiuze, chifukwa katswiri ndi ameneyu."

Macdonald, msana umenewo ndi wanga.

Sindinkasewera filimu ine. Anthu aja analowa m'dimba mwanga osapempha, n'kumagubuduzana pa mizere ya kachewere amene anali atangoyamba maluwa. Ndinawaona ndikuchokera kotunga madzi, ndinatula ndowa n'kutola chimene chinali pafupi. A Trust m'malo mothawa anapitiriza kujambula, n'kuziika mufilimu osandiuza.

Msana umenewo ndinakuberekapo mpaka unayamba sukulu, amayi ali kumunda. Unaukodzera, unauluma, unagonapo tulo. Lero ukulengeza pa wailesi kuti amene akuudziwa akuuze. Khonde lonse linatembenuka kundiyang'ana. Ndinaseka nawo, nanga ndikanatani? Koma pobwerera kunyumba ndinayesa kukumbukira kuti unaponda liti komaliza kuno, ndipo ndinapeza kuti ndi pa maliro a bambo.

Panopa dzina langa anthu analiiwala. Ndine Mayi Mpini. Kumsika, kuchigayo, ngakhale potuluka m'tchalitchi, ana akandiona amagwira mitu n'kuthawa. Zikomo kwambiri.

Ndipo si zokhazo. Chichitikire pulogalamu yako, Kabwazi yense wasanduka akatswiri. Tsiku la msika anyamata awiri anamenyana zenizeni pa nkhani ya malo oyalapo kabichi. M'malo moleretsa, anthu anazungulira n'kumaweruza. Wina akuti chibakera icho sichinafike, wina akuti wagwa msanga ameneyo, abwerezenso. Pa siteji ya kabaza agawikana pawiri, ena ati iwe unanena zoona, ena ati anthu a m'tauni mumanyoza chilichonse cha kumudzi. Faith anabwera kuchokera kusukulu maso ali psu, ati akamalowa m'kalasi anzake amayamba kulira ngati njuchi. Mtsikana wamkulu, woti chaka chino alemba mayeso.

Alamu ako chipewa chija anachipachika kuseri kwa chitseko. Panapita masiku angapo. Kenako tsiku lina m'mawa, akumwa tiyi, anaika kapu pansi n'kunena kuti, "Tipanga gawo lachiwiri. Ulendo uno chilichonse chikhala chenicheni."

Ndinafunsa kuti chenicheni ndiye chiyani. Anati chibakera chikhala chibakera, kugwa kukhala kugwa. Ndinati nanga kufa? Anati ndisamayankhule ngati munthu wosadziwa za mafilimu.

Woyamba kulawa zenizenizo anali a Juma. Anagwirizana kuti azimenyana pang'onopang'ono koma mofikitsa. Kodi unamvapo za chibakera cha pang'onopang'ono chochokera kwa munthu amene wakhala akusenza matumba a kachewere moyo wake wonse? Dzino lakutsogolo la a Juma linakapezeka m'udzu.

Tsiku lomwelo anabwera Zainabu, mkazi wawo. Ukumudziwa, uja tinkagulitsa naye mandasi pamsewu tili atsikana. Mnzanga wakalekale, amene anandigwira dzanja pobadwa Tony. Sanalowe m'nyumba. Anaima pabwalo, anatsegula bokosi la machesi n'kundionetsa dzinolo.

Anati, "Monika, mwamuna wanga ndinakwatiwa naye ali ndi mano onse. Uwauze a Chitsulo akowo kuti akafuna zenizeni akamenye khoma."

Ndinati nanga ine ndalakwa chiyani? Anati, "Si mlongo wako wayambitsa zonsezi?" Anatembenuka n'kumapita. Kuyambira pamenepo tikakumana ankayang'ana kumbali, ndipo sopo ndi mchere ndinayamba kukagula kutali, chifukwa pagolosale pawo ndinalibe nkhope yofikira napo.

A Juma anasiya filimu. Ine ndinati zikomo Ambuye, zathera pomwepa. Ayi ndithu. Alamu ako anati popeza womenyana naye palibe, achita chinthu chosafuna mnzako. Adumpha kuchokera pamwamba pa thanthwe n'kugwera m'ngolo yodzaza mapesi, ng'ombe zili m'goli, kuti zioneke ngati agwera akuba amene akuthawa nazo.

Thanthwelo ukulidziwa. Ndi lija lili m'mphepete mwa nkhalango ku Chongoni, pa njira imene tinkadutsa pokatola nkhuni. Kutalika kwake kuposa denga la nyumba yathu.

Ndinachita zonse zimene mkazi angachite. Ndinalira. Ndinakalipa. Ndinawabisira nsapato, anati adumpha opanda nsapato, zikhala zenizeni koposa. Ndinapita kwa ankhoswe athu, amalume a Alufeo, kuti adzawalangize. Amalume anabwera ndithu, anakhala pansi, anamwa tiyi, anamvetsera mbali zonse ziwiri. Atatha anakhosomola n'kufunsa ngati mufilimuyo mulibe malo a munthu wachikulire, chifukwa iwo amatha kufa bwino kwambiri. Ndinangotola makapu anga n'kulowa m'nyumba.

Tsikulo linali Loweruka m'mawa, nkhungu isanachoke bwinobwino m'phiri. Ndinalumbira kuti sindipitako, koma miyendo inanditenga yokha. Ndinapeza anthu adzaza, ogulitsa nzimbe ndi zitumbuwa atafika kale. Ngolo inali ya a Ezara, aneba athu akumtunda, ndi ng'ombe zawo zija zofatsa, iwo atagwira chingwe kutsogolo. A Trust anaima chapatali, foni ataigwira ndi manja awiri, ati mlamu wa ku Blantyre ananena kuti wojambula asamanjenjemere.

Alamu ako anakwera. Ali pamwamba paja anaoneka aang'ono ngati mwana. Ndinawaona akusuzumira pansi, ndipo ndinadziwa kuti akuopa. Zaka zonsezi ndakhala nawo, ndimadziwa mmene amaimira akaopa. Ndikukhulupirira kuti akanakhala okha akanatsika. Koma anthu anayamba kuimba, "Chitsulo! Chitsulo!" Wina anaimba likhweru lamphamvu pafupi ndi ng'ombe. Ng'ombe zinadzidzimuka n'kuwakoka a Ezara. A Trust anaona zimenezo, anaponya foni pansi n'kuthamanga akukuwa kuti, "Dikirani! Dikirani!"

Alamu ako anali atachoka kale pathanthwe.

Ngolo inali itasuntha pang'ono chabe. Thupi linagwera m'mapesi, koma mwendo unamenya thabwa lakumbuyo. Phokoso lake sindidzaliiwala, ngati munthu wathyola nzimbe pabondo. Anthu ena kumbuyo anaomba m'manja, poganiza kuti ndi mmene filimuyo iliri.

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pangolopo. Anali chigonere, maso ali tuzu kumwamba, osaphethira, osapuma. Ndinawaitana ndi dzina lawo lenileni, Vinsenti, limene sindinalitchulepo pagulu chikwatiwire. Pa kanthawi kameneko ndinaona zonse, Macdonald: ana awiri, munda, dimba, ine ndekha ndi nsalu yakuda. Kenako anakoka mpweya n'kubuula.

Tinawatengera pangolo yomweyo mpaka kumsewu, ine ndawagwira mutu, a Trust agwira mwendo kuti usamagwedezeke. Tili m'njira anatsegula maso n'kuyamba kunong'ona. Ndinawerama, ndikuganiza kuti akufuna kundiuza za ana. Ukudziwa chimene ananena?

"A Trust, mwajambula?"

A Trust anati, "Ayi achimwene, foni ndinataya kuti ndidzakuletseni." Mufonimo munangolowa udzu ndi mapazi a anthu. Kuyambira pamenepo alamu ako sakuwayankhula a Trust. Munthu amene anawabereka kuwakweza m'galimoto, amene anatseka malo ake ometera n'kukhala nafe kuchipatala cha pa boma mpaka adokotala anamaliza. Ati anawawonongera filimu.

Kuchipatala ndinadzigwira mpaka ululu unachepa. Masana ena, odwala anzawo ali panja kuothera dzuwa, ndinawakhuthulira zonse. Ndinakunena iwe, ndinanena wailesi yako, ndinanena ngakhale amene anayambitsa mafilimu padziko. Ndinati Macdonald ndi wamwano, wonyoza kwawo.

Anandidula. Anati, "Mayi a Faith, musamunene mwana uja. Sananame. Ndinakaioneranso ndekha. A Juma amagwadi ndisanawafike."

Ndinati ndiye chifukwa chake mufe?

Kenako anandikumbutsa za nthawi ija ankandifunsira, mmene ankakutengera pa kaliyala ya njinga yakapalasa mpaka pa boma kuti mukaonere vidiyo, iwe uli ndi mamina m'mphuno. Anati pobwerera unkawafunsa mafunso njira yonse, kuti uja wadumpha bwanji, nanga uja sanafe bwanji, ndipo iwo ankakuyankha chilichonse chimene chabwera m'mutu.

Anati, "Ndine ndinamutsegula maso. Pano amaona kuposa ine. Ndikungofuna tsiku limodzi adzanene kuti alamu, apa ndiye mwamenya."

Mkwiyo wanga unasowa pogwira. Ndinangotenga lalanje n'kuyamba kuwasendera.

Koma usaganize kuti atengerapo phunziro. Tabwerera kunyumba, ndodo zoyendera zili pambali, munthu sangapite kuchimbudzi popanda womugwira, koma dzulo ndinawapeza akuuza a Ezara kuti ulendo wina ng'ombe adzazimasule, ngolo adzaiike miyala kumatayala. Akungodikira chikhakha chichoke.

Tsopano ndikufunse iwe katswiri. Azungu ndi Matchaina aja umawatama pa wailesi, amene amagwa kuchokera pa nyumba zosanja n'kudzuka akukutumula fumbi, kodi amagwadi? Faith wandionetsa pa foni. Amakhala ndi zingwe m'chiuno, matiresi pansi, ndiponso anthu ena apadera amene ntchito yawo ndi kugwa m'malo mwa mwini filimu. Ndiye kuti nawonso n'zabodza, kungoti bodza lawo ndi losamba. Iwe zimenezi umazidziwa. Bwanji sunayambe ndi zimenezo? Bwanji unayamba ndi njuchi?

Ndikuyankhira ndine. Chifukwa njuchi zimaseketsa. Unafuna kuti omvera ako aseke, ndipo anasekadi. Pulogalamu itatha iwe unadzuka n'kupita kukadya. Kuno mawu ako anatsala, ndipo tikugona nawo, tikudzuka nawo.

Sindikuti uzinama ayi. Usayerekeze n'komwe kupita pa wailesi kukapepesa, kapena kukatama filimu imene unainyoza kale. Adzadziwa kuti ndakutuma ndine, ndipo pamenepo ndiye adzadumpha kuchokera pamwamba pa phiri la Dedza.

Ndaganiza ndekha, popeza amuna onse a m'nkhaniyi nzeru zinawathawa, kuyambira amalume mpaka iwe.

Chiyambireni alamu ako akhala akundinyengerera kuti ndilowe m'gawo lachiwiri, ati ngakhale wailesi yavomereza. Ine ndinkakana. Dzulo lomwelo, a Ezara atapita, ndinakhala pamphasa n'kuwauza kuti ndalola. Koma ndinaika malamulo anga. Palibe kukwera thanthwe. Palibe chibakera chofika pakhungu. A Trust abwerere pa ntchito yawo yojambula, ndipo alamu ako ayambe awapepesa. Mwini filimu akhala wovulala, wogona pamphasa mmene alirimu, ndi chikhakha chake chenicheni, popeza amafuna zenizeni. Wopita kukalanditsa ng'ombe ndi mkazi wake.

Anatsutsa. Anati filimu yanji mwini wake ali chigonere? Ndinati chabwino, kapezeni Mayi Mpini wina. Anayang'ana kudenga, anayang'ana mwendo. Kenako anafunsa kuti nanga atiphunzitse ndani kumenya kosafika koma kooneka ngati kwafika? Ndinati ku Blantyre kuli munthu amene amadziwa zonse.

Mmene nkhope yawo inawalira, ndinachita manyazi m'malo mwako. Anati, "Angabwere?" Ndinati abwera.

Ndalonjeza, Macdonald. Usandisandutse wabodza pamaso pa mwamuna wanga.

Ndiye tamvera. Upemphe tchuthi kuntchito. Ubwere chikhakha chisanachoke, chifukwa akangoima ndi miyendo iwiri, mphamvu zanga zathera pomwepo. Udzawaonetse a Trust poima. Udzawaphunzitse a kabaza aja kagwedwe koti asamayambe ayang'ana minga. Zonse zija umanena pa wailesi udzazinene pano, utaima m'fumbi, anthu ake akukuyang'ana m'maso. Kachewere nayenso wakhwima, wokumba ndatsala ndekha ndi ana. M'mawa uzidzagwira khasu, filimu masana.

Chinanso. Lero m'mawa ndinalimba mtima n'kupita kwa Zainabu. Anandisiya chiimire pakhomo kanthawi ndithu, iye akupanga ngati akupukuta mashelefu. Ndinamufotokozera zonse. Anati a Juma sadzapondanso mufilimu ngakhale atabwera ndani kudzawapempha. Ndinati ndikudziwa, malo a mkulu wa akuba ndapezera munthu wina. Anafunsa kuti ndani.

Nditamuuza anandiyang'ana kaye, kenako anaseka mpaka anakhala pa thumba la shuga. Anandikokera mpando, anandithirira thobwa. Wati tsikulo adzatseka golosale kuti adzaonere, ndipo mpini adzandibwereka wawo, watsopano, wosagwirako ntchito.

Munthuyo ndiwe.

Ukatiphunzitsa bwino, mpini udzadutsa pafupi, anthu adzakuwa, iwe osamva kanthu. Ukatiphunzitsa molakwika, udzadziwa wekha. Ukadzabwerera ku Blantyre ukaiweruze pa wailesi mmene ungafunire.

Amayi akupereka moni, ati ubwere ndi mwana adzamuone maso akadali kuona. Faith ndi Tony nawonso moni. Alamu ako ati ndikuuze kuti za mwendo ndi nkhani yaing'ono, usade nkhawa. Ndalemba chifukwa andiumiriza.

Undiperekere moni kwa Wezzie ndi onse a kwawo. Mulungu akusungeni, ndipo akufikitse kuno bwinobwino. Umuuze mlamu wangayo akulongedzere juzi, chifukwa kuno kukuzizira, ndi malaya amene sadzawadandaula akang'ambika.

Ndine mlongo wako,
Monika